Chithunzi Chimodzi Sichikwanira: Kutsatira Matenda a MS ndi Makina a MRI

Kuchokera ku Meluluca kum'mwera, kudutsa Metangula ndi Messumba mpaka kukafika ku Cóbuè, gombe la boma la Lago ndi lalitali, ndipo midzi yambiri ya m'gombemo imafikika bwino pabwato kuposa pagalimoto. Munthu wa kumeneko akayamba kukoka mwendo, kapena diso limodzi likachita mdima mwadzidzidzi, ulendo wake umayambira pa kachipatala kapafupi. Zikakanika amamutumiza ku Metangula. Zikakanikanso amakwera mapiri kupita ku Lichinga, mtunda wopitirira makilomita 100, kumene kuli chipatala chachikulu cha chigawo cha Niassa. A ku Cóbuè ambiri amangowolokera pa chilumba cha Likoma, ku chipatala cha St Peter's, poti n'chimene chili pafupi ngakhale chili m'dziko lina. Pa ulendo wonsewu pali matenda amene n'kovuta kuti wina awatchule dzina, chifukwa dzinalo limafuna zinthu ziwiri zosowa m'mbali mwa nyanja: makina ojambula ubongo, ndi mwayi wobwereranso ku makinawo patapita miyezi. Matendawo ndi multiple sclerosis, mwachidule MS.

Ubongo, minyewa ya maso ndi chingwe cha minyewa chodutsa m'kati mwa mafupa a msana zili ndi timaulusi tambirimbiri tonyamula mauthenga. Kaulusi kalikonse kamakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, ndipo chikuto chimenechi n'chimene chimachititsa kuti uthenga wochoka kumutu ufike kuphazi m'kuphethira kwa diso. Munthu akadwala MS, chitetezo cha m'thupi mwake chimasokonekera n'kuyamba kuwononga chikutocho, pano pang'ono, apo pang'ono. Pamalo powonongekapo pamatupa kwa milungu ingapo, kenako kutupako kumaphwa n'kusiya chipsera. Chimene wodwala akumva chimadalira pamene chipseracho chagwera. Chikagwera pa mnyewa wa diso, disolo limapweteka poliyendetsa ndipo limaona mwachimbuuzi. Chikagwera kumunsi kwa ubongo, munthu amaona zinthu ziwiriziwiri kapena amadzandira poyenda. Chikagwera m'chingwe cha mumsana, pamabwera dzanzi, miyendo imalemera, mkodzo umathawa kapena umakana kutuluka.

Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, ndi amene anafotokoza matendawa momveka bwino mu 1868. Ankatsatira odwala ake pa chipatala cha Salpêtrière kwa zaka zambiri, ndipo akamwalira ankatsegula ubongo n'kupeza timalo touma, totuwa, tomwazikana uku ndi uku. Kwa zaka zopitirira 100 zinthu zinali choncho: zipserazo zinkaoneka munthu atapita kale. Dokotala wa munthu wamoyo ankadalira mbiri ya wodwalayo ndi manja ake opimira. Pamenepo ndi pamene panachokera lamulo limene lakhala maziko ozindikirira MS, lakuti pakhale umboni woti minyewa yawonongeka pa malo osiyana ndiponso pa nthawi zosiyana.

Tiyerekeze mayi wa zaka 27 wa m'mudzi wina kumpoto kwa Messumba. Chaka china diso lake lamanzere likuyamba kupweteka, ndipo pakutha pa masiku atatu, akatseka lamanja, sakutha kuzindikira nkhope ya munthu amene waima pakhomo. Nsalu yofiira akuiona yotuwa. Akupita kuchipatala, akumupatsa mankhwala odontheza m'maso, ndipo patapita mwezi ndi theka diso likutseguka. Iye ndi abale ake akuyamikira mankhwalawo, chonsecho disolo likanatseguka lokha. Papita zaka ziwiri. Tsopano dzanzi layamba kumapazi n'kukwera mpaka m'chiuno. Akuchokera kunyanja ndowa ili pamutu, patapata wavuka n'kutsala mumchenga iye osamva. Dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo mwendo ukulemera kwambiri, madzulo kukazizira ukupepukako. Ulendo uno akupita kwina, mwina kwa sing'anga, mwina kutsidya ku Likoma, ndipo patapita milungu ingapo dzanzi likutha. Palibe amene wamufunsa za diso lija, ndipo iyenso sakuona chifukwa cholitchulira, poti diso ndi mwendo n'zotalikirana. Komatu kwa dokotala wa minyewa, diso lija ndi mwendo uwu ndiwo umboni weniweni: malo awiri, nthawi ziwiri. Odwala MS pafupifupi 85 mwa 100 alionse amayamba motere, kugwa n'kudzuka, ndipo kudzukako ndi kumene kumabisa matenda.

Zimene zinachitika ku London mu 1981

Mu 1981 Ian Young ndi madokotala a pa chipatala cha Hammersmith ku London anajambula odwala MS 10 ndi makina atsopano a maginito. Makina a CT, amene amagwiritsa ntchito X-ray, anaonetsa zipsera 19 mwa odwala onsewo. Makina atsopanowo anaonetsa 19 zomwezo, kuwonjezera zina 112. Kuyambira pamenepo zimene Charcot ankaziona munthu atamwalira zinayamba kuoneka bwino munthu akupuma, ndipo zinali zambiri kuposa mmene aliyense ankaganizira. Makinawo ndi amene lero timawatcha MRI. Anthu awiri amene anapeza njira yosandutsira mphamvu ya maginito kukhala chithunzi, Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku England, analandira mphoto ya Nobel mu 2003.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Mbali yaikulu ya thupi la munthu ndi madzi, ndipo m'madzimo muli tinthu ting'onoting'ono ta hydrogen timene timamvera maginito. Maginito a makinawa ndi amphamvu kwambiri. Amene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito, a 1.5 tesla, amaposa mphamvu ya maginito ya dziko lapansi pafupifupi ka 30,000. Munthu akalowa m'katimo, tinthu tija timaima molunjika kumodzi. Kenako makina amatumiza mafunde a wailesi amene amatigwedeza, ndipo mafundewo akazimitsidwa timabwerera m'malo mwake tikutulutsa chizindikiro chimene kompyuta imachisandutsa chithunzi. Madzi a pamalo potupa kapena pachipsera amabwerera mosiyana ndi a pamalo pabwinobwino, n'chifukwa chake malowo amaoneka. Mulibe cheza choopsa cha X-ray, choncho munthu angathe kujambulidwa chaka ndi chaka kwa moyo wake wonse. Pa matenda amene amatenga zaka 30 kapena 40, mfundo imeneyi si yaing'ono.

Wodwala asanalowe m'chipinda cha makinawo amamuuza kuti avule ndolo, mphete, wotchi, lamba ndi zipini za m'tsitsi, asiyenso foni ndi ndalama zachitsulo panja. Amamufunsa ngati ali ndi chitsulo chilichonse m'thupi. Kwa anthu a ku Niassa, kumene nkhondo inatha mu 1992, funso limeneli ndi lofunika kuliyankha mosamala, chifukwa kachidutswa ka chipolopolo kamene kakhala m'thupi zaka zambiri osavuta kangathe kusuntha kakakumana ndi maginito otere. Kenako amagona chagada pa kabedi kopapatiza, mutu n'kuutsekera m'kachipewa ka pulasitiki kokhala ndi mipata. Amamupatsa zotseka m'makutu ndi kampira kofinya akafuna thandizo. Kabediko kamalowa pang'onopang'ono m'mphako ya makina, ndipo phokoso limayamba: kugogoda, kulira, kukhala chete pang'ono, kugogodanso mwa mtundu wina. Zimatenga mphindi 30 mpaka 45. Ntchito ya wodwala ndi imodzi yokha, kusagwedeza mutu, chifukwa kusuntha pang'ono kumachititsa chithunzi kukhala chachimbuuzi ndipo kadontho kamene akukafunafuna kangathe kusowa.

Zimene wowerenga zithunzi amayang'ana

Pa chithunzi cha MRI zipsera za MS zimaoneka ngati timadontho toyera, tina tozungulira, tina totalika pang'ono. Timakonda malo ake: m'mphepete mwa timaiwe ta madzi timene tili pakati pa ubongo, pansi penipeni pa khungu la ubongo, kumunsi kwa ubongo, ndi m'chingwe cha mumsana. Tina timatuluka m'mphepete mwa timaiweto motsatira timitsempha ta magazi, ndipo madokotala amatitcha zala za Dawson, pokumbukira James Dawson wa ku Edinburgh amene anatifotokoza mu 1916. Malo a dontho ndi ofunika kuposa kuyera kwake, chifukwa anthu achikulire, odwala BP ndi ovutika ndi mutu waching'alang'ala nawonso amakhala ndi timadontho toyera muubongo tosakhudzana ndi MS. Mu 2001 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Ian McDonald linalemba malamulo oonetsa kuti madontho angati, a pamalo ati, ndiwo angawerengedwe ngati umboni. Malamulowo anakonzedwanso mu 2005, 2010, 2017 ndi 2024.

Pali njira yochititsa kuti chithunzi chimodzi chinene za nthawi ziwiri. Amabaya wodwala mankhwala okhala ndi gadolinium mumtsempha wa pamkono n'kumujambulanso. Mankhwalawa sadutsa kuchoka m'magazi kulowa muubongo wabwinobwino, koma pamene pali kutupa kwatsopano amadontha n'kuwalitsa malowo. Kuwalako kumakhalapo kwa milungu yochepa chabe, kawirikawiri osapitirira mwezi. Choncho dokotala akaona madontho ena akuwala ena osawala, amadziwa kuti ena ndi a mwezi uno, ena ndi akale. Pozindikira matenda, zimenezi zinafupikitsa kudikira kwa zaka kukhala kwa masiku.

Koma kuzindikira ndi kwa tsiku limodzi. Funso limene wodwala amakhala nalo moyo wake wonse ndi lina: kodi matendawa agona kapena akuyenda? Apa ndi pamene chithunzi chimodzi chimalephera. Msodzi wa ku Metangula akaima pagombe m'mawa umodzi sangadziwe ngati nyanja ikukwera kapena ikuphwa pongoyang'ana madzi. Amayang'ana pamwala, pamene madzi anasiya mzere chaka chatha. Wowerenga zithunzi amachitanso chimodzimodzi. Amatsegula chithunzi cha chaka chatha mbali imodzi ya kompyuta, cha chaka chino mbali inayo, n'kumatsika nazo pamodzi kuchokera pamwamba pa mutu, kagawo ndi kagawo, kalikonse kokhuthala mamilimita atatu kapena kucheperapo. Madontho 15 akale amene ali pomwepo samudetsa nkhawa. Chimene akufunafuna ndi dontho la nambala 16, limene chaka chatha panalibe.

Dontho limeneli ndi lofunika chifukwa nthawi zambiri wodwala salimva. Ofufuza atayamba kujambula odwala mwezi ndi mwezi anapeza kuti madontho atsopano amabwera kuwirikiza kasanu mpaka kakhumi kuposa nthawi zimene munthu amagwa ndi matenda. Ubongo uli ndi malo ambiri amene angawonongeke munthu osazindikira, ndipo umadziwa kulambalalitsa uthenga podutsa njira zina. Koma njira zolambalalirazo zimatha. Munthu amene akuti ali bwino, akulima, akupalasa bwato, angathe kukhala kuti chaka chilichonse akutaya kena kake kamene adzakafuna akadzafika zaka 45. Mankhwala oyamba ochepetsa MS, interferon beta, anavomerezedwa ku America mu 1993, ndipo umboni wina wamphamvu woti akugwira ntchito unachokera pa zithunzi za MRI zimene Donald Paty ndi anzake anaziwerenga ku Vancouver. Lero dokotala akayambitsa wodwala mankhwala amamujambula patapita miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti apeze chithunzi choyambira, kenako kamodzi pachaka. Madontho atsopano akapitiriza kuoneka, amasintha mankhwala ngakhale wodwalayo asakudandaula kanthu.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimaoneka pofanizira. Madontho ena, akajambulidwa mwa njira ina, amaoneka akuda bii ndipo amakhala choncho mpaka kalekale. Pamenepo ndiye kuti kaulusi kenikeniko kafa, osati chikuto chokha. Chachiwiri ndi kufota kwa ubongo. Ubongo wa munthu wamkulu aliyense umachepa pang'ono chaka ndi chaka, mwina 0.1 mpaka 0.3 peresenti. Wa wodwala MS ungathe kuchepa ndi 0.5 mpaka 1 peresenti. Diso silingaone kusiyana kotere pa chaka chimodzi, pamafunika kompyuta, ndipo kompyutayo imasokonezeka ngati zithunzi ziwirizo zinajambulidwa pa makina osiyana. N'chifukwa chake akatswiri amalimbikira kuti wodwala azibwerera ku makina omwewo ndi kujambulidwa mwa njira yomweyo.

Ndiyenera kunenanso kuti makinawa saona zonse. Pali odwala amene chithunzi chawo chadzaza madontho koma akuyenda bwinobwino, ndipo pali ena a madontho ochepa amene ali pa njinga ya olumala, chifukwa kadontho kamodzi ka m'chingwe cha mumsana kamaposa khumi a m'mbali mwa ubongo. Komanso pakapita zaka, matendawa mwa anthu ambiri amasintha khalidwe: kugwa n'kudzuka kuja kumatha, m'malo mwake munthu amangofooka mwakachetechete, chithunzi osasonyeza dontho latsopano. Pa chifukwa chimenechi ngakhale zipatala zolemera sizinataye njira zakale. Zimagwiritsabe ntchito muyeso umene John Kurtzke anaufalitsa mu 1983, woyambira pa 0 mpaka 10, pamene 6 ndi munthu wofuna ndodo kuti ayende mamita 100 ndipo 7 ndi munthu wodalira njinga. Zimayesanso masekondi amene wodwala amatenga kuyenda mamita 7.6. Muyeso wachiwiriwu umangofuna khonde lachipatala, choko ndi wotchi ya pafoni.

Kodi matendawa alikodi kuno?

Bungwe la padziko lonse loona za MS linawerengera kuti mu 2020 panali odwala pafupifupi 2.8 miliyoni, kutanthauza anthu 36 mwa 100,000 alionse, ndipo akazi anali ochuluka kawiri kuposa amuna. Ambiri amapezeka nawo ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40. Matendawa ndi ochuluka m'mayiko ozizira monga Scotland, Canada ndi Sweden, kumene amapitirira 100 mwa 100,000, ndipo amachepa tikamayandikira pakati pa dziko. Mtundu wa munthu, kuchepa kwa dzuwa ndi vitamini D, ndiponso kusuta fodya zimatengapo mbali. Mu 2022 ofufuza a ku Harvard, atatsatira asilikali a ku America opitirira 10 miliyoni, anapeza kuti kachilombo ka Epstein-Barr kamawonjezera chiopsezo cha MS ka 32. Koma kachilomboka pakokha sikakwanira, poti pafupifupi ana onse a kuno amakatenga adakali aang'ono, MS n'kukhalabe yosowa.

Kum'mwera kwa Africa nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Dokotala Geoffrey Dean anafufuza ku South Africa m'zaka za m'ma 1960 n'kupeza kuti MS inali yochuluka mwa azungu obadwira ku Ulaya, yocheperapo mwa azungu obadwira komweko, ndipo mwa anthu akuda inkaoneka ngati kulibe. Kwa nthawi yaitali mabuku a zachipatala ankangobwereza mfundo imeneyi. Mu 1994, makina a MRI atafika, Dean yemweyo ndi anzake analemba za odwala akuda 12 a ku South Africa ndi Zimbabwe. Ine ndikuona kuti mfundo ziwiri zonsezi n'zoona nthawi imodzi. MS ndi yosowadi pakati pathu poyerekeza ndi ku Ulaya. Koma nambala yochokera m'dera limene mulibe makina kapena dokotala wa minyewa si nambala ya odwala, ndi nambala ya amene anakwanitsa ulendo. Bungwe la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka muli katswiri wa ubongo ndi minyewa mmodzi pa anthu 1 miliyoni, pamene m'mayiko olemera alipo pafupifupi 70.

Ngakhale zili choncho, munthu wa m'gombe la Lago amene miyendo yafooka ayenera kuyamba waganiziridwa matenda ena, ndipo ambiri mwa iwo ndi ochizika. Loyamba ndi likodzo. Mazira a nyongolotsi zake nthawi zambiri amakhala m'chikhodzodzo kapena m'matumbo ndi m'chiwindi, koma nthawi zina amasochera n'kukalowa kumunsi kwa chingwe cha mumsana. Munthu amamva kupweteka m'chiuno, miyendo imafooka m'masiku ochepa, mkodzo n'kutsekeka. Mu 1992 anthu awiri a ku America a m'gulu la Peace Corps, amene anasambira ku Cape Maclear, anadwala motere, mmodzi muubongo wina mumsana, ndipo anajambulidwa ndi MRI atabwerera kwawo. Nkhani yawo inachititsa kafukufuku amene anatuluka mu 1996, wosonyeza kuti mwa alendo 955 okhala m'Malawi, 32 peresenti anali ndi zizindikiro za likodzo m'magazi. Alendo awiri aja anadziwika chifukwa anali ndi kothawira. Nyanja ndi yomweyo, ndipo mwana wa ku Cóbuè amalowa m'madzimo tsiku lililonse. Likodzo la mumsana limachizika ndi praziquantel pamodzi ndi mankhwala ochepetsa kutupa, malinga ngati munthu wafulumira.

TB ya mafupa a msana imaoneka ngakhale pa X-ray wamba. HIV ndi chindoko zimadziwika poyeza magazi. Palinso konzo, amene anagwira anthu opitirira 1,000 m'chigawo cha Nampula pa chilala cha 1981, ndipo Hans Rosling ndi Julie Cliff anali m'gulu la amene anafufuza gwero lake: chinangwa chowawa chodyedwa chisanaviikidwe mokwanira, popanda ndiwo zopatsa mphamvu. Konzo amaumitsa miyendo yonse iwiri m'masiku ochepa n'kuima pomwepo, sabwerera m'mbuyo ndiponso sapitirira pang'onopang'ono ngati MS. Anthu odya kondowole amatetezedwa ndi kuviika chinangwa masiku okwanira ndiponso ndi usipa ndi utaka wa pambale.

Matenda amene amafanana kwambiri ndi MS ndi neuromyelitis optica, mwachidule NMO, ndipo ameneyu amapezeka kawirikawiri mwa anthu akuda kuposa mwa azungu. Nayenso amagwira diso ndi msana, koma mwaukali, ndipo munthu sachira kwenikweni akagwa. Kwa zaka zambiri ankayesedwa mtundu wa MS, mpaka mu 2004 pamene Vanda Lennon ndi anzake a ku Mayo Clinic anapeza chizindikiro chake m'magazi. Pa MRI kusiyana kumaoneka bwino: chipsera cha MS mumsana chimakhala chachifupi, pamene cha NMO chimatalika kudutsa mafupa a msana atatu kapena kuposerapo. Kusiyanitsa n'kofunika kwambiri, chifukwa mankhwala ena a MS, kuphatikizapo interferon, amakulitsa NMO.

Makina akuyandikira

Chimene chimachititsa makina a MRI kukhala kutali si mtengo wogulira wokha. Maginito a makina aakulu ambiri amayenera kuzizira mpaka madigiri 269 pansi pa ziro ndi mpweya wa helium wosanduka madzi, usana ndi usiku. Amafuna magetsi osathimathima, chipinda chotchingidwa ndi mkuwa, katswiri wokonza, ndi dokotala wodziwa kuwerenga. Chimodzi mwa izi chikasowa, makina amangokhala.

Koma dera lathu laonetsa kale zimene makinawa angachite akapezeka. Mu 2008 makina a MRI anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kudzera mu ntchito ya Terrie Taylor wa ku Michigan State University, amene wakhala akufufuza malungo a muubongo mwa ana kuyambira m'ma 1980. Mmodzi mwa owerenga zithunzizo anali dokotala wa ku Malawi, Sam Kampondeni. Mu 2015 gululo, motsogozedwa ndi Karl Seydel, linafalitsa zimene linapeza mwa ana 168: mwa 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa 143 amene anachira anali 39 okha. Kutupako kumakankhira ubongo pansi n'kufinya malo oyendetsa kupuma. Atajambulanso ana amene anapulumuka anaona kuti kutupako kunali kutaphwa. Apanso chithunzi chachiwiri ndi chimene chinamaliza nkhani, ndipo funso limene linasowetsa mtendere madokotala kwa zaka zambiri linayankhidwa ku Blantyre.

Tsopano kwabwera makina ang'onoang'ono okankhidwa pamatayala, monga otchedwa Swoop a kampani ya Hyperfine, amene anavomerezedwa ku America mu 2020. Maginito ake ndi a 0.064 tesla, safuna helium, ndipo amalumikizidwa pa soketi wamba. Ku Queen Elizabeth anawayesa kale pa odwala. Amajambula mutu wokha, osati msana, ndipo timadontho ting'onoting'ono ta MS amatiphonya, choncho sangalowe m'malo mwa makina aakulu pofufuza dontho latsopano lija. Koma madontho akuluakulu amawaona, chotupa amachiona, ndipo chipatala cha chigawo chingathe kuwasamala. Mbali ya mankhwala nayonso yasunthako: mu Julaye 2023 bungwe la WHO linaika mankhwala atatu a MS, cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab, pa mndandanda wa mankhwala ofunika amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo. Rituximab amagwiranso ntchito pa NMO, ndipo amaperekedwa kudzera m'diripi pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, zimene n'zotheka ngakhale kwa munthu wochokera kutali.

Podikira zonsezi, chimene chili m'manja mwa namwino wa ku Metangula ndi wodwala wake ndi cholembera. Diso likachita mdima, zilembedwe m'buku kapena pa khadi la kuchipatala: tsiku, diso liti, linapweteka kapena ayi, linatseguka patapita masiku angati. Dzanzi likabwera, alembe pamene linayambira ndi pamene linalekezera. Wodwala akabwera kudzaonedwa, ayende mamita omwewo pakhonde lomwelo, masekondi alembedwe pansi pa a ulendo wathawu. Bukulo liziyenda ndi mwini wake, kaya akupita ku Lichinga kaya akuwolokera ku Likoma, lokulungidwa m'pepala la pulasitiki kuti mwera usalinyowetse. Miyendo ikafooka limodzi ndi kutsekeka kwa mkodzo, pamenepo palibenso kudikira kapena kulemba mbiri, ndi ulendo wa tsiku lomwelo. Ndipo amene wachita mwayi wofika pa makina a MRI, kaya ku Blantyre, ku Maputo kapena ku Johannesburg kumene abale ambiri amagwira ntchito, asachoke ndi kalata ya zotsatira yokha. Apemphe zithunzi zenizenizo pa CD kapena pa fulashi, alembe tsiku ndi dzina la chipatala, chifukwa dokotala amene adzamujambule kachiwiri adzayamba ndi kufunsa za choyambacho.